Lipoti la nkhani: Mayi wa zaka 34 wodalira mowa, wodwala matenda okhumudwa, amene ali pa ubwenzi ndi mkazi mnzake

Lipotili ndalembera anzanga a ntchito za umoyo wa maganizo, anamwino, ma clinical officer ndi alangizi, amene timakumana ndi anthu ovutika ndi mowa tsiku ndi tsiku. Mwini nkhani anavomera kuti ndilembe. Dzina lake, dera lomwe amakhala ndi zina zomwe zikanamuulula ndazichotsa kapena kuzisintha. Ndizimutchula kuti mayiyu, ndipo mkazi amene amakhala naye ndizimutchula kuti bwenzi lake.

Ndasankha nkhaniyi chifukwa cha langizo limodzi lomwe tonse timapereka mosaganizira kawiri: "Siyani kucheza ndi anzanu omwa mowa." Kwa anthu ambiri langizoli ndi labwino. Kwa mayiyu likanamupweteka, ndipo ndikufuna ndifotokoze chifukwa chake.

Momwe anafikira kuchipatala

Mayiyu ndi telala, ali ndi makina ake pakhonde la sitolo ina m'tauni. Anabwera naye m'mawa atagwa n'kuyamba kugwedezeka thupi lonse ngati wakhunyu, chonsecho sanadwalepo khunyu chibadwire. Amene anamuperekeza anati ndi msuweni wake. Iyeyo ndiye anatiuza kuti wodwalayo amamwa tsiku lililonse, koma dzana lake anakangana, ndipo analumbira kuti wasiya mowa lero lomwe. Anasiyadi. Patatha tsiku limodzi ndi theka, anagwa.

Pomuyeza, anali thukuta kamukamu, manja akunjenjemera, mtima ukuthamanga, BP yokwera pang'ono, akumva nseru. Ankadziwa komwe ali ndi tsiku lake, ndipo sankaona kapena kumva zinthu zomwe palibe. Malungo sanapezeke, shuga anali bwino, mimba analibe. Magazi anali ochepa pang'ono. Chiwindi chinkamveka chokulirapo pochikhudza, koma maso sanali achikasu.

Izi ndi zizindikiro za thupi lomwe lazolowera mowa kenako n'kuusowa mwadzidzidzi. Zimayamba pakatha maola 6 mpaka 24 munthu atamwa komaliza. Kugwa ngati wakhunyu kumabwera m'masiku awiri oyamba, ndipo choopsa koposa, kusokonezeka mutu ndi kubwebweta, chimakonda kubwera pa tsiku lachitatu, ndipo chimapha ngati munthu sathandizidwa. Poti iyeyu anali atagwa kale, sitinamulole kukasiyira mowa kunyumba. Tinamugoneka. Analandira diazepam, mankhwala okhazika thupi pansi, kuyambira 10 mg kanayi patsiku, n'kumachepetsa pang'onopang'ono mpaka kusiyiratu pakutha pa sabata, komanso vitamini wotchedwa thiamine 100 mg tsiku lililonse poteteza ubongo. Kwa owerenga amene si azachipatala: munthu womwa kwambiri tsiku ndi tsiku asasiye yekha kamodzin'kamodzi kunyumba, ndipo diazepam wogula pamsika n'kumaphatikiza ndi mowa akhoza kuimitsa kupuma.

Mbali imeneyi inayenda bwino. Pa tsiku lachinayi anayamba kudya, manja anakhazikika, ndipo ndi pomwe tinakhala pansi kuti tikambe.

Mbiri ya kamwedwe

Pa mafunso a AUDIT oyezera kamwedwe ka mowa, amene bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linakonza, anapeza 29 pa 40. Munthu akafika 20 timaganizira kale kuti akudalira mowa. Ankamwa timabotolo ta midoli titatu kapena tinayi patsiku, ndalama zikavuta n'kupita ku kachasu. Kuwerengera mlingo weniweni wa kachasu n'kovuta poti ukali wake umasiyana malinga ndi wotcheza, choncho ndinadalira kwambiri momwe mowawo unalowerera m'tsiku lake. Anandiuza kuti m'mawa ankalephera kulowetsa ulusi pa singano ya makina. Ankayesa, ulusi n'kumaphonya, makasitomala ali chilili kudikira. Akapita kuseri n'kumwa theka la kabotolo, dzanja linkakhazikika, ulusi n'kulowa. Kwa iye umenewu unali umboni woti mowa ukumuthandiza pa ntchito. Ndinamufotokozera kuti kunjenjemerako ndi mowa womwewo umene ukukuyambitsa, ndipo kumwa kwa m'mawa kochotsa matsire ndi chizindikiro chachikulu choti thupi lagwidwa.

Ndinamuuzanso zomwe akazi ambiri sadziwa. Thupi la mkazi lili ndi madzi ochepa poyerekeza ndi la mwamuna wolemera chimodzimodzi, kotero mowa wofanana umachuluka kwambiri m'magazi mwake, ndipo chiwindi chimawonongeka msanga.

Pa mafunso a PHQ-9 oyezera kukhumudwa, amene alipo m'Chichewa, anapeza 18 pa 27. Sankagona, chilakolako cha chakudya chinatha, ankadziona wachabechabe. Nditamufunsa mosapita m'mbali ngati anaganizapo zodzipha, anati inde, kangapo, makamaka usiku akaledzera, ngakhale sanayesepo. Tinagwirizana kuti womuperekeza uja akachotse m'nyumba chilichonse chomwe akanadzipweteka nacho asanatuluke m'chipatala.

Zomwe sizinanenedwe poyamba

Mu wodi tinaona kuti msuweni uja sankachoka pambali pa bedi. Ankagona pansi pa chitenje, kumusambitsa, kumudyetsa phala. Achibale ena sanabwere ndi mmodzi yemwe. Pofunsa mbiri ya banja, ndimapewa funso loti "amuna anu ali kuti?" chifukwa limatsekera munthu pakamwa. Ndinafunsa kuti, "Achemwali, kunyumba mumakhala ndi ndani, ndipo amene mumamudalira kwambiri pa moyo wanu ndi ndani?" Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anafunsa kuti, "Anesi, zomwe tikukambazi muzilemba m'buku langa la kuchipatala?" Ndinayankha kuti ayi, ndipo ndinamuonetsa tsamba lomwe ndinalemba. Pamenepo ndi pomwe ananena kuti uja si msuweni. Akhala limodzi zaka zisanu ndi chimodzi.

Funso lake la buku linali lanzeru. Buku la kuchipatala munthu amayenda nalo, limakhala m'chikwama kapena pawindo, amalitsegula mlongo, mlamu, mwana, kalaliki wolembetsa odwala. M'menemo ndinalemba za mowa, za kukhumudwa ndi mankhwala basi. Zina zonse zinapita m'failo yotsekeredwa, popanda dzina la bwenzi lake. Mantha ake ali ndi maziko. Gawo 137A la malamulo a milandu m'dziko muno la Malawi, lomwe Nyumba ya Malamulo inavomereza mu 2010, limaika chilango cha zaka zisanu m'ndende kwa akazi ochita zogonana okhaokha. Mu Juni 2024 khoti loona za malamulo aakulu a dziko linakana pempho loti zigawo zoletsa kugonana kwa amuna okhaokha zithetsedwe. Kaya munthu amangidwa kapena ayi, lamulolo limagwira ntchito tsiku lililonse m'manja mwa landilodi, mlongo wokwiya kapena aliyense wofuna kuopseza. Ife azachipatala si apolisi. Kusunga chinsinsi cha wodwala ndi udindo womwe tinalumbirira.

Mbiri yake inali motere. Anazindikira ali kusekondale kuti mtima wake umakokera kwa atsikana anzake. Sanauze munthu. Ali ndi zaka 22 anakwatiwa poona kuti akwawo akumuumiriza, anabereka mwana mmodzi wamkazi, banja linatha patapita zaka zochepa. Atabwera m'tauni anadziwana ndi gulu la akazi onga iye, amene ankakumana Loweruka lililonse kunyumba kwa mmodzi wa iwo, geti lotseka, nyimbo zokweza kuti aneba aziona ngati phwando wamba. Aliyense ankasonkha ya mowa. Mawu ake anali akuti, "Kumeneko ndi komwe ndimapuma. Sabata yonse ndimakhala ndikunama, Loweruka ndimakhala ine." Mowa anauyambira kumeneko, ndipo kwa zaka zingapo unkathera pa Loweruka pomwepo.

Zinasintha mu 2023. Mu Julayi chaka chimenecho atsogoleri a zipembedzo anatsogolera zionetsero m'mizinda yathu zotsutsa maukwati a amuna kapena akazi okhaokha. Mayiyu ndi wopemphera, anali wa kwaya. Anaona anzake a kwaya atanyamula zikwangwani, akuimba nyimbo zomwe iye ankatsogolera. Kutchalitchi sanapitenso. Patangopita miyezi yochepa mlongo wake anatenga foni yake n'kuwerenga mauthenga. Kunachitika msonkhano wa banja, anamutengera ku mapemphero a usiku kuti akamutulutse ziwanda, mlongoyo anamumenya, ndipo mwana anatengedwa kupita kumudzi kwa agogo ake. Ku polisi sanapite, poopa kuti akafunsidwa chomwe anamumenyera. Kuyambira pamenepo mowa unachoka pa Loweruka n'kufalikira sabata yonse, ndipo ankamwa yekha.

Ndinafunsanso za nkhanza m'nyumba, aliyense payekha, monga ndimachitira ndi banja lina lililonse. Panali kutukwanizana ndi kukankhana mayiyu akaledzera, bwenzi lake nalonso linkamwa pa Loweruka, koma panalibe woopa mnzake. Tinamuyeza HIV ndipo sanapezeke nako kachilombo. Tinamutumizanso kukayezetsa khomo la chiberekero, zomwe anali asanachitepo chifukwa wina anamuuza kuti akazi onga iye sizimawakhudza. Zimenezo n'zabodza.

Momwe ndinaionera nkhaniyi

Matenda omwe ndinalemba ndi awiri: kudalira mowa, ndi kukhumudwa kofunika kukuunikanso mowa ukachoka m'thupi. Kukonda mkazi mnzake sindinakulembe ngati matenda, chifukwa si matenda. WHO inachotsa zimenezi pa mndandanda wa matenda mu 1990. Ndikunena izi poyera chifukwa ndamvapo anzathu ena akuti muzu wa vuto ndi khalidwelo, ukalikonza mowa utha wokha. Mayiyu wakhala chomwecho kuyambira ali mtsikana, ndipo zaka zambiri sankamwa n'komwe. Chomwe chinam'gwetsa ndi kumenyedwa, kulandidwa mwana, kutaya mpingo ndi kukhala mobisala.

Katswiri wina wa ku America, Ilan Meyer, anafotokoza mu 2003 momwe kusalidwa, kuyembekezera kukanidwa, kudzibisa ndi kuyamba kudzida wekha zimaunjikira munthu mtolo wa nkhawa umene ena sausenza. Kafukufuku wa Tonda Hughes, amene watsatira akazi okondana ndi akazi anzawo mumzinda wa Chicago kwa zaka zambiri, waonetsa kuti kumwa kowononga ndi kukhumudwa zimapezeka kwambiri pakati pawo, makamaka mwa amene anachitiridwapo nkhanza. Chicago si kwathu kuno, ndipo sindingatenge ziwerengero zakumeneko n'kuziika pa Amalawi. Koma zinayi zomwe Meyer anatchulazo ndinaziona zonse mwa munthu amene anakhala patsogolo panga.

Pepala la mizere itatu

Apa ndi pomwe panagona ntchito yeniyeni. Atatuluka m'chipatala n'kuyamba kubwera ku uphungu, ndinamupatsa pepala ndi cholembera. Ndinati agawe pepalalo patatu: mzere woyamba alembe anthu amene akudziwa za iye ndipo amamulandira, wachiwiri amene akudziwa koma anamukana, wachitatu amene amamukonda koma sakudziwa. M'malo mwa maina analemba zilembo. Kenako ndinati aike kamtanda pa aliyense amene amamwa naye mowa.

Mzere woyamba unali ndi anthu asanu ndi atatu. Onse anali ndi kamtanda. Mzere wachiwiri unali wa mayi ake, mlongo wake ndi ankhoswe a banja lakale. Mzere wachitatu unali wautali kuposa yonse: makasitomala, amayi a kubanki m'khonde, anzake a kwaya, mwini sitolo. Analiyang'ana pepalalo n'kunena kuti, "Ndiye mukati ndisiye anzanga a mowa, mukuti nditsale ndi anthu amene ndimawanamiza okhaokha?"

Anali ndi anthu omuthandiza, ndipo anali enieni. Ndi akazi a Loweruka aja amene anasonkha ndalama ya lendi atamenyedwa, ndi iwo amene anamusunga masabata awiri nkhope itatupa. Vuto linali loti chithandizo chonsecho chinali pamalo amodzi, ndipo pamalopo panali botolo. Kumuchotsa pagululo kukanakhala ngati kuzula mzati wa nyumba usanaimike wina. Munthu amene akuganiza zodzipha sumusiya yekha. Choncho cholinga chathu chinakhala kulekanitsa anthuwo ndi mowawo, komanso kuwonjezera maina opanda kamtanda mumzere woyamba.

Tinayamba ndi bwenzi lake. Tinagwirizana kuti m'nyumba musalowe mowa, ndipo iye anasankha yekha kusiya kumwa kwa miyezi itatu yoyamba. Chovuta kwa iye chinali kusiya kulondalonda. Ankanunkhiza mkamwa, kusecha chikwama, kuwerenga ndalama za pa makina, ndipo izi zinkangoputa mkangano umene unkathera kubala. M'malo mwake tinakonza zoti mayiyu azinena yekha chibaba chikamugwira, ndipo bwenzilo lisamuweruze koma lizingotuluka naye kukayenda mpaka chitadutsa. Chibaba chimakwera n'kutsika chokha, kawirikawiri mkati mwa theka la ola. Ndinamuuzanso bwenzilo kuti nalonso likufunika pokapumira, chifukwa linkasenza zonsezi lokha, popanda ufulu wodandaula kwa aliyense ngati mkazi wa munthu. Woyang'anira wodwala amene dziko limamudziwa ngati msuweni palibe amene amamufunsa kuti wagona bwanji.

Kenako gulu la Loweruka. Mayiyu anasankha awiri amene amawakhulupirira n'kuwauza zonse, za kugwa kuja ndi zomwe dokotala ananena za chiwindi. Anapempha kuti azikumana Lamulungu masana kwawo, kuphika limodzi, thobwa ndi tiyi. Awiriwo anavomera, kenako anabwera wachitatu. Ena anakhumudwa, ankati akudziona ngati woyera. Mmodzi anamutumizira uthenga woti wagulidwa ndi achipatala. Zinamupweteka, ndipo tinathera gawo lathunthu la uphungu pa uthenga umenewo. Sindinawaone ngati adani anthu amenewa. Ambiri mwa iwo akumwa pa zifukwa zofanana ndi zake, ndipo kusiya kwa mmodzi kumawakumbutsa zomwe sakufuna kuziona.

Dzina limodzi linasamuka kuchoka mumzere wachitatu kupita woyamba, ndipo silinali lomwe tinkayembekezera. Anali azakhali ake, mayi wachikulire wogulitsa ufa pamsika. Mayiyu anapita kukawauza za mowa wokha. Azakhaliwo anamumvetsera kenako anati, "Mwana wa achimwene, ine maso ndili nawo. Mnzako uja ndinamuona kalekale. Amakusamala?" Atayankha kuti inde, anati, "Basi, idya nsima." Sanakambenso za nkhaniyo, koma kuyambira tsikulo ndi iwo amene amabweretsa uthenga wa mwana kuchokera kumudzi, nthawi zina ndi chithunzi pa foni.

Ndikufuna zimveke kuti sindinamulimbikitse kuulula kwa wina aliyense. Ndi iye amene akudziwa amene angam'menye ndi amene angam'landire, ndipo zikavuta wosowa pogona ndi iye, osati ine. Ntchito yanga inali kumuthandiza kuyeza phindu ndi ngozi pa dzina lililonse, ndi kukonzeratu kothawira zinthu zikaipa. Ndinamudziwitsa za mabungwe monga CEDEP ndi Nyasa Rainbow Alliance, amene amagwira ntchito ndi anthu onga iye, kuti adziwe kokafunsa za ufulu wake. Anasunga nambala koma anati sanakonzeke kuonekera kumeneko, ndipo ndinalemekeza zimenezo.

Tinayesanso gulu la anthu osiya mowa lomwe limakumana pafupi. Anapitako kochepa n'kusiya. Ambiri anali abambo, ndipo aliyense akamafotokoza chomwe chinamuyambitsa kumwa, iye ankapeka nkhani ya mwamuna womuthawa. Anati akubwerako wotopa kuposa popita. Gulu lomwe mphamvu yake ndi kunena zoona silingathandize munthu amene sangathe kunenamo zoona, choncho sindinamukakamize.

Mankhwala a kukhumudwa

Mowa pawokha umabweretsa kukhumudwa, ndipo ambiri amapepukidwa akangokhala masabata angapo osamwa. N'chifukwa chake sitinathamangire mankhwala, ngakhale tinkamuona pafupipafupi chifukwa cha maganizo odzipha aja. Patatha mwezi osamwa, PHQ-9 inali pa 15. Tinamuyambitsa fluoxetine mpaka kufika 20 mg m'mawa uliwonse. Amitriptyline, mankhwala ena a kukhumudwa amene amapezeka mosavuta m'zipatala zathu, tinamupewa chifukwa ndi woopsa kusunga m'nyumba mwa munthu amene anaganizapo zodzipha. Mankhwala ochepetsa chibaba monga naltrexone ndi acamprosate sitinali nawo.

Kubwerera ku mowa

Anakhala miyezi inayi osamwa. Mu Disembala anasoka diresi la mwana wake, la chitenje chabuluu, ndi kachikwama kake, n'kukwera minibasi kupita kumudzi. Mlongo wake anamubweza pa msewu, mwanayo osamuona. Diresi analisiya kwa mayi wina woyandikana nawo. Anafika m'tauni usiku ataledzera, ndipo anamwa masiku asanu otsatizana.

Chomwe chinasiyana ndi kale n'choti sanabisale. Bwenzi lake linaimbira mmodzi wa anzake a Lamulungu, ndipo awiriwo anabwera naye kuchipatala asanayese kusiya yekha. Poti anagwapo kale, tinamugonekanso masiku ochepa. Anali ndi manyazi kwambiri, ankati wationongera ntchito. Ndinamuuza kuti kubwerera ku mowa kumachitika kwa ambiri amene akuchira ku matendawa, ndipo miyezi inayi ija sinafufutike. Tinaunika ulendowo mwatsatanetsatane: anapita yekha, sanauze azakhali, anali ndi ndalama za maoda a Khirisimasi m'thumba, ndipo pa depoti pomwe anatsikira pali malo omwera. Tinagwirizana kuti nkhani iliyonse yokhudza mwana izidzera kwa azakhali, ndipo ulendo wa kumudzi asadzayendenso yekha.

Momwe alili pano

Patha miyezi isanu ndi iwiri chigonekedwe kachiwiri, ndipo sanamwe, malinga ndi iye mwini komanso bwenzi lake. PHQ-9 yatsika kufika pa 6, maganizo odzipha sanabwerenso, akugona, ndipo thupi labwerera. Fluoxetine apitiriza kwa miyezi 9 mpaka 12 kuchokera pomwe anapeza bwino, kenako tidzachepetsa pang'onopang'ono. Ntchito ikuyenda, walowanso banki m'khonde, ndipo ndalama za tsiku amazitumiza pa foni madzulo aliwonse kuti zisagone m'thumba. Bwenzi lake linayambiranso kumwa mwa apo ndi apo kunja kwa nyumba, nkhani yomwe awiriwa sanagwirizanebe ndipo tikuikambirana.

Zotsala ndi zazikulu. Kutchalitchi sanabwerere, ngakhale amanena kuti amasowa kuimba, ndipo tikuganizira za mpingo wina kutali ndi dera lake. Mwana wamuona kamodzi kokha, kunyumba kwa azakhali, mayi ake akudziwa koma mlongo wake osadziwa. Akufuna kukadandaula kuti mwanayo abwerere kwa iye, koma akuopa zomwe zingatuluke m'bwalo la milandu, ndipo ndamulangiza kuti asayambe asanaonane ndi loya amene amazidziwa nkhani zotere. Disembala akubwerayu tamuika pa ndondomeko yobwera sabata iliyonse, ndipo azakhali avomera kukatenga mwanayo kuti adzakhale kwawo masiku a tchuthi.